Sokosi Yanga M'botolo la Jamu

Mpaka lero, ndikatsegula chitseko cha galimoto yakale imene ndikufuna kugula, ndimayamba ndanunkhiza. Ndikamva fungo la galu wonyowa ndimakwinya nkhope, n'kuuza mwiniwake kuti mtengo utsike chifukwa mipando inatha kalekale. Imeneyo ndi ntchito chabe. Mumtima ndimakhala nditasungunuka, moti wogulitsa wochenjera atandiyang'anitsitsa akhoza kukweza mtengo ine n'kulipira. Fungo limenelo limandibwezera ku Wigston, kufupi ndi mzinda wa Leicester, pampando wakumbuyo wa galimoto ya a Morini, nyengo imene masamba ankayoyoka m'chaka changa choyamba ku England.

Ndinali nditangofika kuchokera ku Ndirande, kumene azakhali anandilerera pa benchi yawo ya kaunjika. Amayi anachoka ndili wamng'ono kwambiri, ndipo ndinkawadziwira pa foni ndi pa zithunzi. Atandiitanitsa, tinkakhala m'nyumba ngati anthu awiri amene akumana m'minibasi: aulemu, opatsana malo, osakhudzana. Iwo ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo ankabwera ku shifiti akununkha sopo wa kuchipatala. Ine ndinkati "Zikomo amayi" pa chilichonse, ngakhale pa supuni. Kusukulu Chingelezi changa chinkafika mochedwa, nthabwala itatha kale. Anzanga sankandizunza ayi. Ankangoiwala kuti ndilipo.

A Morini ankakhala kuseri kwa mpanda wathu. Anali mzimayi wachikulire wa mawu okhuthala ndi fodya, amene anathera moyo wake wonse m'fakitale yoluka masokosi. Ankanditcha bakha, monga achitira anthu a ku Leicester kwa aliyense, ndipo ndinakwiya nazo mpaka nditamva akutchulanso bakha munthu wobweretsa makalata. Anali ndi galu wa makutu ogwa dzina lake Bisiketi. Dzinalo linandiseketsa. Kwathu galu ankakhala Taiga kapena Denja, ankagona panja, ndipo ntchito yake inali kuluma. Uyu anali ndi bulangete lake, mbale yake, ndi dokotala wake.

Tsiku lina a Morini anandiitana pa mpanda. Anati Loweruka lililonse amapita kumunda wa mlimi wina kunja kwa tauni, kumene kagulu ka anthu kamaphunzitsa agalu kulondola fungo. Ankafuna munthu wa miyendo yabwino woti azikabisala, chifukwa amene ankabisala kale anali atawachita opaleshoni ya bondo. Malipiro ake, anati, ndi paketi ya makirisipi.

Mwana wa pa kaunjika salandira mtengo woyamba. Ndinayang'ana kumwamba, ndinadandaula za kuzizira, ndinayamba kubwerera kunyumba pang'onopang'ono. Ndisanafike pakhomo tinali titagwirizana banzi lodzaza tchipisi, ndi soseji pamwamba galu akalephera kundipeza. A Morini anaseka mpaka kutsokomola. Amayi anavomera mosavuta, poganiza kuti ndizikathandiza nkhalamba kuyendetsa galu.

Masewerowo anali chonchi. Ndinkapereka sokosi imene ndavala tsiku lonse, a Morini n'kuitola ndi chopanira zovala, osaikhudza ndi manja, n'kuitsekera m'botolo la jamu. Ankayamba aionetsa ku dzuwa n'kunena kuti ndi yolukidwa mwaulesi. Kumunda ndinkanyamuka ndekha, kudutsa m'ziputu za tirigu, kukhota kumene ndafuna, n'kukabisala. Patapita nthawi ankamuveka Bisiketi zingwe za pachifuwa, kumangirira chingwe chachitali, n'kumutsegulira botolo pamphuno. Galu waulesi uja ankasanduka wina. Mchira unkaima, mphuno inkatsika, ndipo ankanyamuka ngati wakumbukira kumene anasiya chinthu.

Zinandizunguza mutu. Ine ndinkasamba, ndinkavala nsapato, ndiye ankamva chiyani? A Morini anati munthu aliyense amayoyola timinofu ta khungu tosaoneka kulikonse kumene wadutsa. Ndinadziona ngati thumba la ufa loboola pa njinga, likusiya kamzere kuchokera kuchigayo mpaka kunyumba. Anati dothi lonyowa limasunga fungo, mphepo imalikankhira m'mbali mwa mpanda, dzuwa limalidya. Anati botolo silitsegulidwa kawirikawiri, chifukwa fungo limathawa ndipo silibwerera. Ndipo lamulo lalikulu linali la wogwira chingwe: asakoke. Iye sadziwa kumene munthu walowera, galu ndiye adziwa.

Tsiku lina kulibe wondiona, ndinagwada n'kununkhiza pamene ndinaponda. Ndinamva matope ndi ndowe za nkhosa, basi.

Koma soseji ija ndinkaifuna. Ndinayesa kuyenda chafutambuyo. Ndinavala majumbo pa nsapato. Ndinadzola mafuta a chimfine mpaka maso kutuluka misozi. Ndinadutsa mumngalande, madzi ozizira akulowa m'nsapato, chifukwa ndinamva kuti mbava zimatero. Bisiketi ankafika pamngalandepo, kuzungulira pang'ono, kuyetsemula, n'kupitiriza. Kenako ndinkamva tchire likuphwanyika, ndi kupuma kwake, ndi mphuno yozizira m'khutu mwanga. Soseji ndinaidya kamodzi kokha, tsiku limene kunadutsa gwape, ndipo a Morini anati imeneyo wapambana ndi gwape, osati ine.

Chodabwitsa n'chakuti ndinkasangalala ndikalephera. Ndinkakhala m'zitsamba, mawondo m'chifuwa, ndikumva belu la tchalitchi chakutali, ndikudziwa kuti pali wina amene akubwera kwa ine ndekha. Pamundapo pankadutsa anthu ambiri, koma iye ankasiya mapazi a onsewo n'kusankha anga. Mu England monse, amene ankandifunafuna anali galu, ndipo ine zinkandikwanira.

Zinavuta chifukwa cha masokosi. Amayi anaona kuti akutsala imodziimodzi, ndipo anayamba aimba mlandu makina ochapira. Ndiye tsiku lina anapita kukapereka phukusi la a Morini limene linasiyidwa kwathu. A Morini anawalowetsa kukhitchini. Pawindo panali mabotolo ondandalikidwa, lililonse muli kansalu ka munthu, ndipo limodzi linalembedwa dzina langa. A Morini, mokondwa, anafotokoza kuti galu amatsata pamene mwana wanu waponda, ndipo salakwa.

Amayi anali munthu wa kwaya, wa Baibulo la zipi. Koma anakulira kumene aliyense amadziwa kuti chovala chako chosachapa sichikhala m'manja mwa munthu wina, ndipo dothi la pamene waponda silitapidwa. Anatenga botololo, anathokoza mwaulemu, n'kutuluka. Madzulo ake anapala khadi la foni n'kuimbira azakhali. Mawu a azakhali ankamveka mpaka pamasitepe pamene ndinakhala.

"Botolo? Lolemba dzina? Achemwali, ndinakutumizirani mwana wamoyo ine! Azungu alibe zimenezo, anakuuzani ndani? Akumutapa phazi mwanayo inu muli ku shifiti!"

Chigamulo chinali chachidule: kumunda ayi, kumpanda ayi, galu ayi. Ma Loweruka otsatira ndinaonerera pawindo galimoto ya a Morini ikunyamuka, Bisiketi atayang'ana nyumba yathu pagalasi lakumbuyo. Nyengo inali kutha. Mlimi anali atanena kuti kumapeto kwa mwezi alima mundawo, ndipo kagulu kaja kapuma mpaka kuzizira kutatha. A Morini anayesa kubwera ndi keke kudzapepesa, osadziwa n'komwe chimene akupepesa. Keke inalandiridwa, koma sinadyedwe.

Ndinayesa kulira, sizinagwire. Ndinayesa sayansi ya timinofu ta khungu, ndipo zinangoipiraipira. Ndiye ndinakumbukira mmene azakhali ankachitira ndi kasitomala wamantha. Sankatsutsana naye. Ankafufuza chenicheni chimene akuopa, n'kumusiya kuti achigwire yekha m'manja. Ndinadikira Lamlungu titachoka kutchalitchi, amayi atavula nsapato, tiyi ali m'manja.

"Amayi, vuto ndi galu?"

"Vuto ndi sokosi yako kukhala kwa eni ake. Ndi munthu wachilendo kutsata mapazi ako."

"Nanga sokosiyo mutasunga inu? Botolo mutsegule inu, chingwe mugwire inu, mapazi mutsate inu. Kodi mayi angalodze mwana wake?"

"Alipo," anatero amayi, osaseka.

Koma ndinaona kuti sananene kuti ayi, ndipo pamsika munthu amene sananene kuti ayi wagula kale. Anaika mfundo zawo: apemphera kaye, galu asawanyambite, ndipo ndi kamodzi kokha. Ndinavomera msangamsanga ngati ndaluza.

Loweruka lomalizalo kunali nkhungu, mpweya ukutuluka utsi m'kamwa. Amayi anakhala pampando wakutsogolo atawongoka, botolo lili m'chikwama pamiyendo, atavala nsapato zawo zoyera za kuntchito. Kumunda anthu a kagulu kaja anavula zipewa pamene amayi ankapemphera m'Chichewa, ndipo bambo wina wa galu wamkulu ananena ameni mochedwa. Ine ndinanyamuka. Ndinatsata kanjira, kenako ndinakasiya, ndinalowa pampata wa mpanda wa minga pamene panali matope ndi zitsamba zoyabwa ngati chitedze, n'kukabisala kuseri kwa mitolo ya udzu yokutidwa m'mapulasitiki akuda.

Ndinadikira. Nthawi imene Bisiketi ankafikira inadutsa. Zala zinauma, ndipo chiwindi chophika chimene ndinkamusungira galu ngati mphotho chinazizira m'dzanja. Ndinayamba kuganiza kuti amayi asintha maganizo, ali m'galimoto, botolo lili chitsekere. Kudikira koteroko ndinkakudziwa. Ndinali nditakuchitapo ku Ndirande, Khirisimasi iliyonse imene ankati chaka chino abwera.

Zimene zinkachitika ndinazimva pambuyo pake kwa a Morini. Atafika pampata paja, galu anafuna kulowa m'matope, koma amayi anamukokera kukanjira. Galu anabwerera pampata, iwo anakokanso. Anati mwana wawo ndi waukhondo, wofatsa, sangadutse pamalo otero. A Morini anawauza kuti, "Bakha wanga, inu simukudziwa kumene wapita. Masulani chingwe." Amayi anaima nthawi yaitali, akuyang'ana matopewo. Kenako anafewetsa dzanja.

Ine chimene ndinamva ndi mawu akubwera m'nkhungu. "Iwe galu, pang'onopang'ono! Ambuye Yesu! Iwe Bisiketi, ndati pang'onopang'ono!" Tchire linaphwanyika, mphuno yozizira inafika m'khutu, ndipo kumapeto kwa chingwe kunatulukira amayi anga, duku litapendekera, matope mpaka m'mawondo, phazi limodzi lopanda nsapato. Ankapuma ngati athamangira basi. Anandiyang'ana, anayang'ana majumbo amene ndinavala pa nsapato, ndipo ndinakonzeka kukalipiridwa.

"Kani ndiwe wotere?" anatero.

Anagwada m'matopemo n'kundikumbatira, osati mwaulemu ngati pabwalo la ndege, koma mwamphamvu mpaka nthiti kuwawa. Anaika mphuno pamutu panga n'kukoka mpweya, kamodzi, kawiri, osandisiya. Ine ndinaganiza kuti akufufuza ngati ndikununkha galu. Bisiketi, ataona kuti palibe womupatsa mphotho, anadzitengera yekha m'dzanja langa, n'kuwanyambita amayi pachigongono. Mfundo imodzi inasweka pomwepo. Ya kamodzi kokha inasweka kuzizira kutatha, ngakhale botolo linkagona kwathu nthawi zonse, pamwamba pa firiji, ndipo azakhali sanauzidwe.

Nthawi imeneyo ndinkadziwa bwinobwino chimene chachitika: ndinawagonjetsa amayi pamtengo, ndipo ndinauza aliyense wofuna kumva kuti ndinagulitsa galu kwa munthu woopa agalu. Ndinkadziwanso kuti mantha awo anali a kumudzi, oseketsa, ngati a azakhali.

Zaka zambiri pambuyo pake, a Morini ndi Bisiketi atapita onse, ndinkathandiza amayi kusamukira ku Oadby, ndikusankha zoti ndikagulitse kumsika wa Lamlungu wa katundu wakale. Pansi pa sutikesi yawo yoyamba ndinapeza jumbo, m'kati mwake jumbo ina, m'kati mwake ina, iliyonse yomangidwa mfundo. M'katikati munali kamalaya ka mwana, kofiira, ka kaunjika, kokhala ndi dontho la phala pachifuwa. Mwachizolowezi ndinakatembenuza kuti ndione ngati kangagulike.

"Siya," anatero amayi. "Ndinakuvula m'mawa umene ndinkanyamuka, usanadzuke bwino. Sindinakachape." Anakatenga, anakaika pamphuno, n'kupukusa mutu. "Fungo linatha chaka choyamba chomwe. Ndinkatsegula kwambiri."

Ndili mwana ndinkati amayi anaopa botolo lija chifukwa sankadziwa ntchito yake. Tsopano ndikuganiza kuti pa anthu onse amene anaima pamunda paja, iwo ndi galu ndi amene ankadziwa chimene chimatsala m'kansalu ka munthu. Kamalayako sindinakaike mtengo. Tinakabwezera m'majumbo ake, ndipo mfundo yomaliza ndinamanga ndine.