Galu Amene Ankatiyankhulira

Nditakwatira kumudzi kwa mkazi wanga, kumtunda kwa Lizulu, ndinapeza apongozi anga aakazi ali osunga mwambo kotheratu. Mkamwini sankayankhula nawo maso ndi maso. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira m'chimanga, ine m'mbatatesi. Koma nyumba zathu zinali zoyang'anizana, munda umodzi, ndiye nkhani zikanatha bwanji? Mkazi wanga anatitumikira miyezi ingapo, kenaka anakana. "Ine si wailesi," anatero.

Amene anatipulumutsa ndi galu. Anali wofiira, wamantha, wakuba mazira. Ana anamupatsa mayina angapo koma sanavomere ngakhale limodzi, choncho tinkangoti Galu. Apongozi ankakhala pakhonde pawo n'kukweza mawu: "Galu iwe, uwauze abwana ako kuti mbatatesi ija ikapanda kupoperedwa sabata ino, tidya masamba." Ine pakhonde panga: "Galu iwe, uwauze kuti ndamva." Mwini wakeyo ali gone pakati pa bwalo, akudzikanda. Tinakangana kudzera mwa iye, tinapepesana kudzera mwa iye. Ngakhale chifuwa changa chosatha apongozi ankachidzudzulira momwemo: "Galu iwe, abwana akowo akutsokomola ngati chigayo, sapita kuchipatala bwanji?" Ine ndinkangoti, "Uwauze kuti ndi fumbi."

Atakalamba, Galu anatuluka chotupa pamwendo wam'mbuyo. Ine ndinati ndi chithupsa, chiphulika chokha. Sichinaphulike. Chinakula mpaka kufanana ndi mbatatesi ya pamsika, ndipo anayamba kuyenda ndi miyendo itatu. Mazira anasiya kuba, ndipo pamenepo ndi pomwe ndinachita mantha.

Ndinaitana alangizi a ziweto a ku boma. Anabwera panjinga yamoto, anagwiragwira, n'kunena kuti ikuoneka kuti ndi khansa ndipo tachedwa nayo.

"Khansa? Galu?" Apongozi anadabwa. Iwo ndi alangizi ankayankhulana bwinobwino, woletsedwa ndinali ine ndekha. "Matenda a anthu amenewo wawatenga kuti?"

Kenaka anaulula kuti akhala akumusinjira panado wawo m'phala. Alangizi anagwira mutu. Anati mankhwala a anthu amatha kupha galu, asiye lero lomwe. Anatisiyira mapiritsi ena ochepetsa ululu, ndipo anati akadzasiya kugwira ntchito, chifundo chotsala ndi jakisoni womugoneka osadzukanso. Koma mwini galu ndiye anene.

Njinga isanazimiririke n'komwe, uthenga unafika. "Galu iwe, uwauze abwana ako kuti pamudzi pano sitipha odwala. Ine ndikadzadwala adzandiitaniranso wa njingayo?"

Nanenso ndinakweza mawu. "Galu iwe, uwauze kuti amene amakumwetsa poizoni m'phala si ine!"

Galu anatiyang'ana tonse awiri, n'kukwawira pansi pa nkhokwe.

Mapiritsi aja anali nkhondo ina. Ndikabisa m'chigumu, ankadya chigumu n'kulavula piritsi lili loyera bwino. Apongozi ndiwo anapeza nzeru: dzira laliwisi. Mayi amene anakhala zaka akumuthamangitsa ndi chikuni chifukwa cha mazira, tsopano ankamuswera okha m'mbale, nkhuku zikuonerera. Mlamu wanga anabwera ndi maganizo akuti tingokamutaya kutsidya kwa msewu, ku Mozambique, akafere kunja. Apongozi anamufunsa ngati iyeyo angakonde kukatayidwa komweko, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Kwa kanthawi Galu anapezako bwino, mpaka anauwa wogula mbatatesi wina, ali chigonere. Koma mvula itayandikira, mapiritsi analeka kumveka. Dzira ankangolinunkhiza. Ndinkafuna kuitana alangizi, koma ndinkaopa kukhala mkamwini amene anapha wodwala pamudzi wa eni. Kunena zoona, ndinkaopanso bwalo lopanda Galu.

M'mawa wina apongozi anagwada kuti amusunthire padzuwa. Atangomukhudza, Galu analira kulira kumene sindinamvepo, ngati mwana. Iwo anabweza manja msanga. Kenaka, motsitsa mawu, anati, "Galu iwe, ndakukakamiza mokwanira. Uwauze abwana ako aitane wa njinga uja."

Sindinayankhe kudzera mwa iye. Ndinangotenga foni.

Jakisoniyo sanachedwe. Mutu wa Galu unali pamiyendo ya apongozi, ine nditagwira msana, ndipo aka kanali koyamba kuti tikhale moyandikana chotero. Ndinalira, sindibisa. Tinamuika pansi pa mtengo wa mapichesi, anthu odutsa akutiseka kuti banja ili lapenga.

Masiku otsatira pabwalo panali zii. Mkazi wanga anachenjezeratu kuti tisamuyese wolowa m'malo mwa Galu. Apongozi anayesa tambala. "Tambala iwe, uwauze..." Tambala anathawa uthenga uli pakati. Anayesa mbuzi, mbuzi inawadyera mpango.

Tsiku lina ndikunola khasu pakhonde, ndikutsokomola monga mwa masiku onse, ndinaona mapazi awo ataima patsogolo panga.

"Bambo," anatero.

Ndinacheuka kuti ndione amene akumuitana. Kumbuyo kwanga kunali khoma.

"Ndikunena inuyo. Chotupa chija munati ndi chithupsa. Chifuwa ichi mukuti ndi fumbi. Womutuma ndilibenso, ndiye ndabwera ndekha. Mawa mupite kuchipatala."

Ndinayang'ana pakati pa bwalo, pamene ankagona paja, kufuna womuuza kuti ndamva. Panalibe.

"Ndamva, mayi," ndinatero.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi ya ku boma.