Mayi Onjezerani ndi Nsomba za Amuna Awo

Dzina loti Mayi Onjezerani anawapatsa ndi ana a pasukulu yogonera konko, ndipo linawakanirira ngakhale atapuma pantchito yophika. Anali munthu wa dzanja lolemera. Mwana akafika pamzere, iwo ankayang'ana khosi lake osati mbale, akaona mitsempha n'kuonjezera. Miphika yawo inali yoti munthu n'kusambiramo, ndipo ankakonda kunena kuti chakudya sichichepa, chimachepa ndi chovala.

Amuna awo anali okonza mawotchi, munthu wa tinthu ting'onoting'ono. Pabalaza panadzaza mawotchi amene eni ake sanabwere kudzatenga, wotchi iliyonse ikunena nthawi yakeyake. Pansi pa zenera panali thanki yagalasi ya nsomba zoweta, zazifupi ngati chala, zina zofiira, zina zamizeremizere, ndi imodzi yachikasu ya chipsepse chachitali imene bambowo ankaikonda koposa. Ankazidyetsa okha, kutsina chakudya ndi zala ziwiri, mayi n'kumawaseka kuti umenewo ndi umbombo.

Tsiku lina bambo anagwa pampando wawo wantchito, mbali imodzi ya thupi n'kuuma. Kuchipatala, pakamwa patapotoka, mawu okhawo amene mayi anamva bwinobwino anali akuti "nsomba." Kuyambira pamenepo mayi anaika mumtima kuti bambo akadzatuluka adzazipeze zonse zili moyo.

Koma nsomba siitseka pakamwa. Mayi akabwera kuchokera kuchipatala masana ankakhala pampando wa bambo, kuwala kwa dzuwa kukudutsa m'madzi n'kumavina kudenga, kapampu ka m'thanki kakutulutsa thovu, mawotchi akutsutsana. Nsomba zinkabwera pagalasi, kukamwa kuli yasayasa. Kwa munthu amene wakalamba akudyetsa ana, pakamwa potsegula ndi pempho, choncho ankathira. Tulo tikawaba, ankalota ana a sukulu akusambira m'mwamba mwa holo yodyera, malaya akuyandama, mbale zili m'manja, mzere wosatha. Akadzidzimuka ankathiranso, osakumbuka ngati athira kale kapena zinali za kumaloto.

Abale obwera kudzazonda matenda nawonso sankafuna kubwerera osachitapo kanthu. Wodwala kulibe, ndiye aliyense ankatsina m'kachitini ka chakudya n'kuponyera nsomba zija, ngati akudyetsa mwini wake. Zonsezi zinali chikondi, palibe amene ndingamunene.

M'mawa wina mayi anapeza madzi ali mbuu ngati otsukira mpunga, akununkha. Nsomba zonse zinali pamwamba, zikupuma movutikira, kupatula yachikasu ija imene inagona chammbali patimiyala ta pansi. Mayi anagwidwa ndi mantha enieni. Anaimbira foni mayi wa kusitolo ya nsomba zoweta kumene bambo ankagula chakudya.

"Mwakhala mukuzipatsa chochuluka bwanji, amayi?" anafunsa wasitoloyo.

"Chongokwanira."

"Chongokwanira ndani?"



Wasitolo anawauza kuti awole chakudya choyandama ndi kaukonde, ayamwe zonyansa za m'timiyala ndi kapaipi, achotse madzi ochepa chabe osati onse, n'kuthiramo ena amene akhalitsa m'ndowa. Mawa achitenso chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi.

"Ndiye kwa masiku angapo musazipatse kalikonse," anatero.

"Ndizigoneke ndi njala? Ineyo?"

"Nsomba siifa ndi njala ya masiku ochepa, amayi. Chimene chimapha ndi chotsala chikaola."

Ntchito yamanja sinawavute. Anagwada, nayamwa kapaipi monga anauzidwira, madzi onunkha n'kuwalowa m'kamwa, analavula akutukwana chamumtima, kenako madzi akuda anayamba kutsikira m'ndowa. Chowawa chinali kumana. Kachitini anakabisa pamwamba pa kabati kuopa alendo, komanso kudziopa okha. Masana ankakhala pampando uja atakhalira manja, nsomba zikuwayang'ana. Moyo wawo wonse anali asanabwezepo pakamwa potsegula, ndipo zinkawapweteka mpaka kulengeza misozi.

Pang'onopang'ono chifunga cha m'madzi chinayamba kutha. Kunaoneka timiyala, kenako udzu wobiriwira wa kumbuyo, kenako zofiira zija zikuthamangitsana. Koma yachikasu sinadzukenso. Mayi anaikwirira mumphika wa maluwa pakhonde. Anapita kusitolo, napeza ina yofanana nayo ndendende, anaima nthawi yaitali akuiyang'ana, n'kubwerako chimanjamanja. Munthu wodziwa wotchi yodwala pongomva kulira kwake sangapusitsidwe ndi nsomba ya eni.

Bambo anatuluka m'chipatala ali panjinga ya odwala, ataonda, dzanja limodzi lili pamwendo. Mayi anawakankha mpaka pazenera n'kuima kumbuyo kwawo. Madzi anali mbee. Bambo anayang'ana pamwamba, pansi, kuseri kwa udzu, milomo ikuyenda. Anayambiranso. Kenako anatembenuza mutu pang'onopang'ono.

"Yachikasu ija yapita, abambo," mayi anatero. "Ndinaikhutitsa mpaka kuipha. Zinkatsegula pakamwa, ine ndinalephera kupirira."

Bambo anayang'ananso thanki ija. Msozi unatsika mbali youma ija, ndipo mayi anaupukuta ndi chala. Kenako theka la pakamwa pa bambo linagwedera. Mayi anawerama kuti amve, chifukwa mawu ankatuluka limodzilimodzi, olemera.

"Nanga ine," anatero bambo, "zaka zonsezi... m'manja mwanu... ndinapulumuka bwanji?"

Mayi anaseka, kuseka kukusakanikirana ndi kulira, nagwira dzanja lofooka lija ndi manja awo onse awiri.

"Simunapulumuke ayi," anatero. "Taonani mmene akuondetserani kuchipatalako. Dikirani pomwepo."

Ndipo analowa kukhitchini.