Mphunzitsi amene anasekedwa ndi anamwino

Tsiku limene ophunzira ake anamuseka, Hildah anakakhala pa siteshoni ya Metro, sitima zikungomudutsa, misozi ili chuchuchu.

Mtsikana wina anali atamufunsa tanthauzo la mawu achidule amene madokotala amalemba popereka mankhwala. Hildah sanawadziwe. Kwathu ku Malawi ankaphunzitsa ndakatulo pa yunivesite, koma koleji ina ya ku Dubai inamulemba ntchito yophunzitsa Chingelezi kwa ophunzira unamwino. Sanamupatse buku lililonse. Anangomuponya m'kalasi lodzaza ndi Afilipino, Amwenye ndi Aluya, ena odziwa Chingelezi, ena ongoyamba kumene.

Inu owerenga, weruzani nokha. Mungatume munthu kumunda wopanda khasu, kenako n'kumamunena ulesi? Atapempha kuti azikhala nawo m'makalasi a zachipatala kuti amve chinenero chawo, aphunzitsi anzake anakana, amvekere kalasi si msika. Mkulu wa dipatimenti ndiye anachita kumunyogodola.

"Chingelezi ndi Chingelezi basi, mayi. Ngati chakukanikani, khalas, zathera pompo, teremu ikatha mubwerere kwanu."

Kunyumba ku Malawi kunali ana ake awiri ndi mayi ake odwala shuga, onse akuyang'ana kwa iye.

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, anadandaulira Emeldah, namwino wa ku Chipata amene ankakhala ku Bur Dubai.

"Ba Hildah, osalira," anatero Emeldah. "Muzibwera pa ofu yanga."

M'kachipinda kothinana, Emeldah ankagona pabedi ngati wodwala, Hildah n'kumamufunsa pamene pakupweteka. Akalakwitsa ankabwereza mpaka lilime litazolowera. Maofu ambiri anathera pamenepo.

Kenako Hildah anasintha kalasi lake. Matebulo anasanduka mabedi, ophunzira n'kumayeseza kupatsirana odwala posinthana shifiti ndi kutonthoza abale a womwalira. Mkulu uja anamudzudzula kuti akuchita masewero, koma Hildah sanasiye.

Pa mayeso a Chingelezi amene anamwino amalemba asanapatsidwe chiphaso, kalasi lake linakhoza kuposa makalasi onse. Omwe ankamuthamangitsa aja anabwera akusekerera, opanda ngakhale kupepesa, kudzamupempha kuti aphunzitse aphunzitsi anzake. Anavomera, koma anati mphunzitsi watsopano asadzaponyedwenso m'kalasi wopanda womuthandiza. Lero akutsogolera gawo lonselo.

Iwe amene akukunyoza pa ntchito imene sanakuphunzitse, kusadziwa lero si mlandu. Funsa, phunzira, limbikira. Osataya mtima.