Nkhokwe ya m'Foni ya a Serafina

A Serafina, mphunzitsi wa ku Domwe, sadziwa kusiya chinthu. Anakulira kothawa nkhondo ku Dedza, kumene mwana ankaphunzira kuti zogawa zikabwera uzitola ndi manja awiri, poti za mawa sizidziwika. Mtendere unabwera, banja linabwerera kwawo kutsidya kwa malire, koma manja aja sanamve.

Ana awo ali kale ku sekondale, iwo analembetsa maphunziro a yunivesite ophunzira uli pakhomo. Kumeneko anawapatsa nambala yachinsinsi yolowera m'biblioteka ya pa intaneti, yodzaza ndi zolemba za akatswiri. Apo ndiye anatsekera fisi m'khola la mbuzi! Loweruka lililonse ankakwera shapa, minibasi yakumeneko, kupita ku Ulongwe, kumene intaneti imagwira bwino, n'kumakokera m'foni chilichonse chokhudza mutu wa kafukufuku wawo, wa ana osiya sukulu nyengo yokumba mbatatesi. Cha ku Brazil, cha ku Kenya, ngakhale cha m'Chingerezi chimene anachiiwala kalekale, zonse m'foni. Kuwerenga ayi. Akati atsegule chimodzi, mtima unkawauza kuti athamangire china, mwina mawa achitseka.

Tsiku lopereka kafukufuku linayandikira, pepala lili mbee. Akalephera, chaka chonse chilowa m'madzi. Foni nayo inakhuta, n'kuyamba kukana kutsegula chilichonse.

Anathamangira kwa a Berta, owayang'anira pa kafukufukuyo, ku Ulongwe komweko.

"A pulofesora, foni yandipandukira!"

A Berta anayendetsa chala pafonipo mpaka kutopa. "Mayi, pa zonsezi mwawerenga ziti?"

Panalibe n'chimodzi chomwe.

"Biblioteka sithawa. Siyani zitatu, zinazo fufutani."

"Ndifufute? Zabwinobwino?"

"Kapena mubwereze chaka. Sankhani nokha."

A Serafina anakhala pakhonde, thukuta kamukamu m'chisanu cha Juni. Anasankha zitatu, nadina pofufutira zinazo. Zinawapweteka ngati ataya chimanga mumtsinje, ndipo analira ndithu, mayi wamkulu, anthu akuona.

Mu shapa yobwerera, posowa china chokokera, anatsegula choyamba. Tsamba loyamba linatha, lachiwiri linatha. Penapake anang'ung'udza okha, "Bodza ili, ana akwathu sasiyira zimenezi sukulu," nayamba kufunafuna cholembera m'chikwama. Shapa itafika potsikira pawo, kondakitala anawaitana. Iwo anangokweza dzanja, maso ali pafoni.

"Pitirirani, achimwene. Ndimuyankhe kaye munthuyu."