Moni Wanga pa Pulogalamu ya Aphungu

Zaka zimenezo ndinkaluka anthu tsitsi m'nyumba mwanga ku South Bend nditatseka makatani onse. Lamulo la chigawo chathu cha Indiana linkafuna kuti woluka tsitsi akhale ndi laisensi ya kusukulu ya zasaluni. Ine, woti ndinayamba kuluka ndili mwana ku Ndirande! Koma munthu akagogoda, ndinkayesa ndi aboma. Ndinkaopa kuti akandigwira, mapepala anga okhalira kuno aipa.

Kuntchito kwanga, kunyumba yosamalira okalamba, kunali bambo wina amene sankalola munthu kukhudza rimoti Loweruka masana. Ankaonera kapulogalamu ka pa tchanelo cha anthu wamba a m'tauni mwathu: tebulo limodzi, mipando iwiri, duwa lapulasitiki. Woulutsa wake, mphunzitsi wopuma ntchito, ankaitana aphungu a kunyumba ya malamulo ya ku Indianapolis, oonera n'kumaimba foni. Ine ndinkangoti zandale zotopetsa.

Tsiku lina ndikuyala bedi, ndinamva mphungu wina akunena za bilu yomasula oluka tsitsi. Ndinathawira kukhonde n'kuimba. Atandilowetsa, ndinachita monga anandilerera amayi. Ndinapereka moni kwa woulutsa, ndinapereka kwa mlendo wawo, ndinafunsa za kunyumba, ndinayamba kuthokoza chifukwa cha mpata. Ndisanafike n'komwe pa tsitsi, ndinangomva, "Zikomo mayi, tilandire wina." Foni duu!

Nditawafotokozera kunyumba, amuna anga anaseka mpaka misozi. "Inu mumayesa mwapita kwa apongozi?" Ndinakwiya mpaka mawa lake.

Loweruka lotsatira woulutsa uja anayang'ana kamera n'kunena kuti, "Mayi amene munandifunsa za kunyumba, ngati mukuonera, imbaninso. Pa pulogalamu ino palibe anandifunsapo zimenezo. Akazi anga anali m'chipatala, pano akupezako bwino. Tsopano tiuzeni zimene munaimbira."

Kuyankhula kunali kudziulula ndekha pa TV. Ndinaimbabe. Ndinanena kuti ndimaluka, ndimabisala, ndipo ndatopa nako kubisalako. Woulutsayo sanandidule, ndiponso sanafunse dzina langa. Mlendo wa tsikulo anati aphungu anzake sanaonepo mmene ntchitoyi imagwiridwira, ndipite ndikawafotokozere.

Ndinapitadi ku Indianapolis, nditatenga chipeso ndi ulusi m'chikwama kuti aone kuti poluka palibe mankhwala. M'galimoto monse amuna anga ankangoti, "Moni kamodzi, mayi, kamodzi kokha!" Ndinawamvera, ngakhale pakamwa pankayabwa.

Lamulo litasintha ndinaimbanso. Ndinayamba ndi kufunsa woulutsa uja za akazi awo, iwo n'kuyankha bwinobwino, osathamanga. Bambo amenewo ndimawathokoza mpaka lero. Madzulo a tsiku lomwelo ndinatulutsa mpando panja, n'kuluka mwana wa mnzanga pabwalo, magalimoto akudutsa.