Tsiku Limene Amalume Anadutsa Mabvuto Akulira

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amalume Jairosi, alongo awo a amayi, anapuma usilikali n'kudzakhala nafe ku Nangongwe, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba. Ndinali nditalengeza kale kwa anzanga kuti kwathu kukubwera msilikali, ndipo ndinathirako mchere kuti anapha adani osawerengeka. Atafika ndinakhumudwa. Anali bambo wamfupi, wadazi, wolankhula motsitsa. M'bokosi lawo lachitsulo, limene ndinalisuzumira iwo akusamba, munalibe ngakhale chipolopolo chimodzi. Munali mabandeji, kabuku kothaitha ndi kansalu koyera kokhala ndi mtanda wofiira.

"Bamalume, mfuti yanu ili kuti?" ndinafunsa.

"Ine nenze wa zachipatala, Tisa," anatero. "Nchito yanga yenze yosunga bantu, osati yopaya."

Msilikali wosunga anthu ndinali ndisanamumvepo, ndipo ine ndinabadwa ndi mafunso m'kamwa. Ndinawavutitsa mpaka tsiku lina anatola tizitsekerero ta mabotolo n'kutindandalika padothi. Koyamba, anati, ndi munthu ngati iwo, woyenda limodzi ndi asilikali kutchire ali ndi chikwama kumsana. Kachiwiri ndi hema wokhala cham'mbuyo, mmene muli wodziwa kusoka mabala. Kachitatu ndi chipatala cha m'kampu, ndipo kotsiriza ndi chipatala chachikulu ku Lusaka, kumene amachita opaleshoni. Wovulala amachoka pa kena kupita pa kena, atamangiriridwa kapepala konena chimene chamuchitikira ndi nthawi yake. Anandiuzanso kuti m'nthawi ya atsamunda anthu akuda ankangonyamula machila ndi kutsuka zilonda, madokotala onse ali azungu, ndipo dziko litalandira ufulu m'pamene asilikali athu anayamba kuphunzitsa anamwino ndi madokotala awoawo. Ndinafunsa ngati mkulu wa asilikali akavulala amayamba ndiye kuthandizidwa. Anaseka, nati ayi. Ndinafunsa kuti nanga amayamba ndani, koma amayi anandiitana kukatunga madzi.

Yankho linabwera m'nyengo ya mango. Loweruka lina masana tinakwera mtengo waukulu wa kuseri kwa nyumba, ine ndi mlongo wanga Mabvuto, wa zaka zisanu ndi zitatu. Pansi panali Choolwe, mwana wa mayi wina wa ku Chanyanya amene ankayenda khomo ndi khomo kugulitsa nsomba. Anali wamanyazi, wosalankhulalankhula. Ndine ndinamukopa kuti akwere, ndipo ndine ndinawauza onse awiri kuti mango akupsa ali kunsonga kwa nthambi. Nthambiyo inangoti thyo! Ine ndinatsala nditakakamira thunthu. Iwo awiri anapita nayo pansi, pamene panali mulu wa njerwa.

Mabvuto anakuwa kukuwa kumene kunatulutsa mzere wonse wa nyumba. Anatemeka pamphumi, magazi ali chuchuchu kumaso mpaka m'malaya. Choolwe anadzuka yekha, anadzisansa fumbi, n'kukakhala chotsamira khoma. Sanalire.

Ndinathamangira amalume n'kuwakoka dzanja.

"Bagwa bangati?" anafunsa tikuthamanga.

"Babili. Koma Choolwe ali chabe bwino, sakulila."

Ndikukumbukira kuti atamva mawu amenewo anawonjezera liwiro. Atafika anagwada pa Mabvuto, anayang'ana bala, anamufunsa dzina lake, iye n'kuyankha mokuwa. Anapinda chitenje cha amayi, amene anali atafika kale, anachiika pabalapo, anagwira dzanja langa n'kulikanikiza pamwamba pake. "Usachoseko," anatero. Kenaka anaimirira n'kumusiya. Mabvuto anaitana, "Bamalume! Bamalume!" koma iwo sanacheuke.

Ndinkaona zonse dzanja langa lili pamphumi pa mlongo wanga. Amalume anagwira Choolwe pamkono n'kuyang'ana wotchi yawo. Anamutsitsa chikope, anamuyang'ana milomo, imene inali itatuwa. Atamugwira pamimba, mwanayo anangoluma mano. Anali thukuta lokhalokha, ndipo anapempha madzi motsitsa. Mayi wina anathamanga ndi kapu, koma amalume anaikankha.

"Osamupasa kalikonse. Itanani ba Mweemba babwele na motoka, manje manje. Wina akaitane bamai bake."

A Mweemba anali ndi kagolosale pakona, ndipo galimoto yawo inali yokhayo m'dera lathu. Itafika, amayi ananyamula Mabvuto kuti amulowetse. Amalume anawaletsa. Anati galimotoyo ikupita ku Lusaka osaima paliponse, ndipo Mabvuto apite ku kiliniki panjinga, akamusoka.

"Ba Jairosi, muganiza shani imwe?" amayi anakuwa. "Mwana wa mlongo wanu achoka magazi, imwe muyangana wa bene?"

"Wako achoka magazi yamene tiona," anayankha. "Uyu yachokela mukati."

Anang'amba pepala m'kope langa la sukulu, analembapo nthawi imene Choolwe anagwa ndi zina zimene sindinazimve, n'kulimangirira pa batani la malaya ake. Anamugoneka kumbuyo miyendo ili pamwamba. Mayi ake anafika akuthamanga, beseni la nsomba atalisiya kaya kuti, ndipo galimoto inanyamuka, amalume ali momwemo. Anthu amene anatsala ankang'ung'udza. Kwathu munthu amayamba ndi wake, ndipo malume ndiye amayembekezeka kuimirira mwana wa mlongo wake ena onse akathawa. Ine ndemwe ndinakwiya. Ndinaganiza kuti usilikali unawaumitsa mtima.

Mabvuto anamusoka madzulo omwewo, ndipo pofika mawa lake ankadya nshima ndi kudzitama ndi bandeji yake. Amalume anabwerako patapita masiku awiri. Anati Choolwe anali ataphulika kapamba, magazi akudzaza m'mimba, ndipo madokotala anamuchita opaleshoni atangowerenga kapepala kaja. Mwanayo anali moyo. Ine ndinakalira kuseri kwa chimbudzi, chifukwa masiku awiri onsewo ndinkadziwa kuti mwanayo akafa, ndine ndinamukweza mumtengo.

Amayi sanagonje msanga. Anamva nkhaniyo, anati zikomo kwa Mulungu, koma alongo awo sanawalankhule kwa masabata awiri. Chakudya ankandipatsa ine kuti ndikasiye pakhomo pa kachipinda kaja.

Tsiku lina nditapereka mbale sindinachoke. Funso linkandiyabwa.

"Munaziba bwanji, bamalume? Sanalile olo pang'ono."

Anati chinthu choyamba chimene anawaphunzitsa ku usilikali n'chakuti wokuwa ali ndi mpweya ndi mphamvu, tsono angathe kudikira. Woyenera kumuthamangira ndi amene wangoti zii. Udindo, mtundu kapena chibale siziwerengedwa.

"Banatipunzisa, koma sininamve," anatero. "Siku ina lole yatu inagubuduka. Ninatamangila wamene enze kukuwa maningi, ninamumanga mwendo bwino bwino. Munzanga wina enze chabe nkale pansi pa mutengo. Ananipempa manzi. Ninamuuza ati nizabwela. Pamene ninabwela, ninapeza wasila, wamwalila."

Sananene dzina la mnzawoyo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga funso lotsatira ndinalimeza.

Tsopano ndine wamkulu, ndili ndi ana anga, ndipo ndikudziwa mmene kulira kwa mwana wako kumakokera miyendo. Amayi sindiwaimba mlandu. Chimene ndinamvetsa mochedwa n'chakuti amalume sanali ouma mtima. Mabvuto ankamukonda kuposa tonsefe, ndipo anamva bwinobwino akuwaitana kawiri. Lamulo lija asilikali analiika podziwa kuti mtima wa munthu umathamangira wake ndiponso wofuula, choncho pafunika wina wophunzitsidwa kuukaniza mtimawo kwa mphindi zochepa, ngakhale abale amude.

Chimene chimandipwetekabe n'china. M'masabata awiri aja tonse tinazungulira Mabvuto ndi bandeji yake, tinkapepesa amayi ndi mkwiyo wawo, tinkafunsa za Choolwe kuchipatala. M'nyumba yonse munthu amene anangoti zii anali mmodzi, atakhala pakhomo pa kachipinda kake, mbale ili pamiyendo. Ndinkawadutsa tsiku lililonse, ndipo sindinawafunsepo ngati ali bwino.