Tsidya la Shire popanda viza

Ndinkamasulira mayi wina wa ku Ghana, mphunzitsi wa ku yunivesite amene ankafufuza za madzi osefukira ku Nsanje. Tsiku lina ndinawaolotsa Shire pa bwato kukaona munda wa amalume. Kwathu timangooloka, za viza sitiziganizira n'komwe.

"Kodi kuno tikadali ku Malawi?" anafunsa titatsika.

"Inde, mayi," ndinanama, poopa kuulula kuti ndawalowetsa dziko la eni.

Posakhalitsa tinakumana ndi msilikali wa ku Mozambique, ndipo anawalanda pasipoti. Kenako anatembenukira kwa ine. Ndinamuuza m'Chisena kuti mayiwo sindikuwadziwa, ndangowapalasira bwato.

Msilikaliyo anawagwira mayiwo n'kuwamasula madzulo, maso awo atafiira. Mayiwo Chisena sankachimva. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Zikomo, achimwene, pondilankhulira."

Ndipo ine, wopanda manyazine, ndinayankha kuti, "Musadandaule, mayi."